Botolo la madzi lomwe likuthandiza makanda kupuma

Mwana wobadwa masiku asanakwane akamavutika kupuma, namwino wodziwa ntchito yake sadikira kuuzidwa. Amamva kubuula kwapansipansi nthawi iliyonse imene khandalo likutulutsa mpweya. Akavundukula kansalu amaona khungu la pakati pa nthiti likulowa m'kati, timphuno tikutukuka, milomo ikuyamba kuda. Kamwana kolemera kilogalamu imodzi ndi theka kangathe kulimbana motero kwa maola angapo, koma kenako kamatopa n'kuleka.

Kwathu kuno ana otere ndi ambiri. Lipoti lomwe bungwe la WHO ndi mabungwe ena anatulutsa mu 2012 linaika dziko la Malawi patsogolo pa mayiko onse: ana 18 mwa 100 alionse ankabadwa mimba isanakwane masabata 37.

Chomwe chimawavuta anachi chinadziwika mu 1959, pamene Mary Ellen Avery ndi Jere Mead a ku Harvard, ku America, anapima mapapo a makanda omwalira ndi vutoli. M'mapapo muli timatumba ta mpweya tosawerengeka, ndipo m'kati mwake ndi monyowa. Madzi ali ndi khalidwe lokokana okhaokha, choncho kathumba konyowa kamafuna kufota. Thupi limaletsa zimenezi popaka timatumbato zinthu zoterera, zosakanikira mafuta ndi mapuloteni, zomwe madokotala amazitcha surfactant. Koma mapapo amapanga zokwanira mimba ikamafika masabata 34 kapena 35. Wobadwa nthawiyi isanafike, timatumba take timamatana ngati jumbo yonyowa m'kati, ndipo pa kupuma kulikonse amayenera kutimatula mwatsopano. Mphamvu zake zimathera pamenepo. Ngakhale mwana wa mtsogoleri wa dziko la America, John F. Kennedy, anamwalira ndi vuto lomweli mu 1963 asanathe masiku awiri, ali m'manja mwa akatswiri.

Mu 1971 dokotala George Gregory wa ku San Francisco anasonyeza njira yothandizira: kumupopera mwana mpweya pang'onopang'ono mosalekeza kuti timatumba tija tisatsekekeretu akamatulutsa mpweya. Mwana amapuma yekha, makinawo amangomugwirira njira. Njirayi imatchedwa CPAP. Mayiko olemera anaitengera msanga, koma makina amodzi ankafika madola 6,000, ndipo ambiri ankafuna chipatala chokhala ndi mapaipi a mpweya m'makoma. Kwa zaka zambiri, chomwe wodi ya makanda kuno ikanapereka chinali okosijeni wa m'mphuno basi.

Zinthu zinayamba kusintha aphunzitsi awiri a zaumisiri wa zipangizo zachipatala ku Rice University mumzinda wa Houston, Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, atayamba kugwira ntchito ndi madokotala a ana pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, makamaka Pulofesa Elizabeth Molyneux. Ophunzira awo, mmodzi mwa iwo Jocelyn Brown, anapatsidwa ntchito yopanga CPAP yotsika mtengo. Makina oyamba anali timapampu ta mpweya togwiritsidwa ntchito m'mathanki agalasi oweteramo nsomba, toikidwa m'kabokosi kapulasitiki kosungiramo nsapato. Wina akanaseka, koma timapampu totere tinapangidwa kuti tiziyenda usana ndi usiku osapuma, ndipo tikawonongeka kukonza kwake sikuvuta. Atawakonza bwino, makinawo anawatcha Pumani.

Mbali yochititsa chidwi kwambiri ndi botolo. Pampu imakankha mpweya, wosakanizidwa ndi okosijeni, kupita ku timachubu tolowa m'mphuno za mwana. Chubu china chimakathera m'botolo la madzi. Kuti mpweya utuluke kumeneko, uyenera kugonjetsa kulemera kwa madzi omwe ali pamwamba pa kukamwa kwa chubucho. Chubu chikamira masentimita 6, mphamvu yotsala m'mapapo a mwana ndi ya masentimita 6 a madzi. Namwino akafuna kuonjezera mphamvu, amathiramo madzi ena. Palibe kompyuta yowerengera. Thovu likamabwata m'botolo, ndiye kuti zonse zili m'malo. Likasiya, mpweya ukuthawira penapake, mwina timachubu tasuntha pamphuno, ndipo namwino ayenera kuthamanga.

Mu 2012 makinawa anayesedwa pa Gulupu m'kafukufuku wotsogozedwa ndi Dr Kondwani Kawaza, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2014. Mwa makanda 87 ovutika kupuma, 62 anaikidwa pa CPAP, 25 analandira okosijeni wa m'mphuno. Pa gulu loyamba anapulumuka 71 mwa 100 alionse, pa lachiwiri 44. Kwa omwe vuto lawo linali la mapapo osakhwima, kusiyana kunali kwakukulu koposa: pafupifupi 65 kuyerekeza ndi 24. Anali kafukufuku wamng'ono, koma anakwanira kuti Unduna wa Zaumoyo ufikitse makinawa m'zipatala za m'maboma.

Kumabomako ndi kumene kunatuluka phunziro lomwe ine ndikuliona lofunika kuposa makina enieniwo. Ofufuza atatsatira zipatala za boma 26, anapeza kuti kupulumuka kwa makanda ovutika kupuma kunakweradi, koma kuchoka pa 49 kufika pa 55 mwa 100 alionse. Phindu linalipo, kungoti silinafike pa la ku Gulupu. Chimodzi mwa zomwe zinaonekera poyera ndi kuzizira. Makanda ambiri ankafika m'wodi thupi litazizira kale, ndipo amenewa ankamwalira kwambiri kuposa ofika ofunda, ngakhale ataikidwa pa makina.

Ku Salima kunachitika kafukufuku wina wowawa kumva. Ana 644 osakwana zaka zisanu, odwala chibayo chachikulu, anagawidwa pawiri m'wodi yomwe dokotala sankayenderamo tsiku ndi tsiku. Zotsatira za mu 2019 zinasonyeza kuti pa gulu la CPAP anamwalira 17 mwa 100 alionse, pomwe pa gulu la okosijeni wamba anamwalira 11. Awa sanali makanda obadwa masiku asanakwane, ndipo nthenda yake ndi ina, koma uthenga wake tisauthawe. Mwana wa pa CPAP amafuna diso: kumupopa mamina, kuchotsa mpweya wodzadza m'mimba, kumudyetsa mosamala kuti mkaka usalowe m'mapapo. Namwino mmodzi wosamalira wodi yonse usiku sangakwanitse zonsezi, ngakhale atakhala wodzipereka chotani.

N'chifukwa chake ntchito ya NEST360, yomwe inayamba mu 2019 ku Malawi, Kenya, Tanzania ndi Nigeria, sibweretsa CPAP yokha. Imabwera ndi zofunditsira makanda, nyale zochizira chikasu, zoyezera okosijeni m'magazi, maphunziro a anamwino, komanso amisiri okonza zipangizo. Ophunzira zaumisiri a ku yunivesite ya MUBAS nawo akuphunzira kupanga ndi kukonza zida zotere konkuno. Chotsalira ndi chakuti boma liike m'bajeti ndalama za anamwino okwanira ndi zosinthira makina, osadalira othandiza mpaka kalekale.

Ponena za kuzizira kuja, banja nalo lili ndi gawo lake. Khanda lobadwa msanga lipukutidwe nthawi yomweyo, lisathamangiridwe kusambitsidwa, livekedwe chipewa, ndipo likamatumizidwa ku chipatala chachikulu liyende lili pachifuwa cha mayi kapena wachibale, khungu ndi khungu, litamangidwa bwino ndi chitenje mpaka likalandiridwe ndi namwino.