Nsato Ilibe Ululu, Koma Si Yogwila ndi Manja

Nyengo yotentha ndi ya mvula, nsato zimafika m'makomboni amene ali pafupi ndi madambo ndi mapili. Zimatsata makoswe a kudzala ndi nkhuku za m'khola. Ambili amadziwa kuti njokayi ilibe ululu, ndipo zimenezi n'zimene zimalimbitsa mtima anyamata ena kuti aigwile ndi manja anzao akuombela m'manja.

Nsato yaikulu imapitilila mamita 4, thupi lonse lili mnofu wolimba. Imayamba yaluma kuti igwile, kenako n'kudzikulunga. Kale anthu anali kunena kuti imapha mwa kuthyola mafupa kapena kutsekeleza mpweya. Mu 2015 akatswili a ku Dickinson College ku America anapima makoswe okulungidwa ndi njoka yochedwa boa, napeza kuti cimene cimayamba kuima ndi magazi. Mtima umalephela kupopa, magazi safika ku ubongo, nyama n'kukomoka msanga. Wokoleka nsato m'khosi pofuna kujambulitsa cithunzi angakomoke asanaitane n'komwe munthu.

Nsato sikupha anthu kawilikawili, koma ana ndiwo ali pangozi. Mu 2013 ku Campbellton, m'dziko la Canada, nsato ya ku Africa yowetedwa inatuluka mosungilamo usiku n'kupha ana awili apacibale ali m'tulo, wa zaka 4 ndi wa zaka 6.

Ikapezeka pakhomo, ana ndi agalu acotsedwepo, munthu mmodzi aziiyang'anila ali patali, wina akaitane a Department of National Parks and Wildlife. Ngakhale odziwa nchitoyi sanyamula nsato yaikulu ali okha. Ngati yamukulunga munthu, othandiza ayambile kumcila kuimasula, cifukwa kumutu ndi pakati mphamvu zake n'zosaneneka. Khosi ndi cifuwa zimasulidwe coyamba.

Ovuta kwambili ndi mano. Ndi ambili, akuthwa ngati singano, ndipo anapindikila kumbuyo. Wolumidwa akasolola dzanja mwamphamvu amadzing'amba yekha, nthawi zina mpaka mitsempha. Dzanja liyambe lakankhidwila pang'ono m'kati mwa kamwa kuti mano akoloke, wina atagwila mutu.

Bala litsukidwe ndi madzi ambili ndi sopo, lipanikizidwe ndi nsalu yoyela kuti magazi aleke. Kutema mphini, kuyamwa bala, kupaka dothi kapena kumanga cingwe pamwamba pake kumangoonjezela mavuto. Wolumidwa apite ku kiliniki tsiku lomwelo kukalasidwa nyeleti ya kafumbata, komanso kuti aone ngati dzino silinathyokelemo, pakuti lotsalila limaoletsa bala.

Mumdima, mwana wa nsato ndi mphili amafanana mawanga, ndipo mphili ndiye ali ndi ululu. Ngati bala layamba kutupa msanga ndi kuwawa koopsa, wodwalayo avulidwe mphete ndi zibangili, anyamulidwe kupita ku cipatala osadikila kuti kuce.