Ulendo Wokaona Zojambula za ku Chongoni

Akuluakulu amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwana amene amaphunzira za m'buku zokha sadziwa bwino dziko lake. N'chifukwa chake aphunzitsi, ndiponso makolo amene amaphunzitsa ana awo pakhomo, amakonza maulendo okaona malo ofunika. Amodzi mwa malo otere ndi mapiri a Chongoni m'boma la Dedza.

M'mapiri amenewa muli malo 127 amene ali ndi zojambula pamatanthwe ndi m'mapanga. Zojambula zofiira ndi za Akafula, anthu amene ankakhala moyo wosaka nyama ndi kutola zipatso. Zoyera ndi za Achewa, amene ankazijambula ndi dothi loyera. Zina mwa izo zinkagwiritsidwa ntchito polangiza atsikana pa chinamwali, ndipo zina zimaonetsa zilombo za Nyau. M'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika malowa m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Alendo ambiri amafika ku Chentcherere, ku Namzeze ndi ku Mphunzi.

Ulendo wabwino umayambira kunyumba. Makolo ayenera kusankha nyengo yachilimwe, pakuti m'dzinja misewu yafumbi imaterera. M'miyezi ya Juni ndi Julayi ku Dedza kumazizira kwambiri, motero ana amafunika zovala zamphepo. Pamafunikanso kamba, madzi akumwa, nsapato zolimba, kope ndi pensulo. Mabanja awiri kapena atatu akasonkherana ndalama, mtengo wa galimoto umapepuka, ndipo ana ophunzira pakhomo amapeza anzawo okambirana nawo. Pofika pamalopo ndi bwino kupeza munthu wodziwa njira ndi mbiri yake kuti awatsogolere.

Chofunika koposa ndicho kusamala zojambulazo. Mwana asazikhudze, asazithire madzi, ndiponso asalembe dzina lake pathanthwe ndi makala kapena choko. Moto usasonkhedwe m'phanga, chifukwa utsi umadetsa mwala. Chojambula chimene chakhala zaka mazanamazana chingathe kuonongeka tsiku limodzi, ndipo palibe mmisiri amene angachibwezeretse.

Akabwerera kwawo, ana ajambule m'makope mwawo zimene anaona ndi kuzifotokoza m'mawu awoawo. Potero ulendo umasanduka phunziro losaiwalika.

Mafunso
1. Kodi zojambula zofiira ndi za yani?
2. Tchulani zinthu zitatu zofunika kutenga paulendowu.
3. N'chifukwa chiyani moto suyenera kusonkhedwa m'phanga?