Mwana akasintha khalidwe atachira malungo aakulu

Mu 1848, ku Vermont m'dziko la America, kapitawo wa anthu okonza njanji, Phineas Gage, ankatsendera onga m'thanthwe pogwiritsa ntchito chitsulo. Onga unaphulika, chitsulocho n'kulowa patsaya lamanzere n'kutulukira pamwamba pa mutu. Sanafe. Koma dokotala wake, John Harlow, analemba kuti munthu yemwe kale anali wodalirika uja anayamba kutukwana ndi kusaugwira mtima.

Panavulala ndi kutsogolo kwa ubongo, kuseri kwa chipumi. Mbali imeneyi ndiyo imakugwirani dzanja mukapsa mtima, n'kukukumbutsani za mnzanuyo.

Nanga munthu wovulala pamenepa tizimuimba mlandu? Funsoli lingafike m'nyumba mwanu. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2010, anapeza kuti ena mwa ana opulumuka malungo a mu ubongo amadzayamba khunyu, ena khalidwe lovuta monga ndewu ndi kusakhazikika. Mwana wotere akamenya mng'ono wake, ambirife timathyola mkwapulo, ena amati walodzedwa. Ine ndimaona kuti n'kumulakwira kumukwapula chifukwa cha bala losaoneka.

Sindikuti musiye kumulangiza ayi, ubongo umaphunziranso. Gage yemweyo anadzagwira ntchito yoyendetsa ngolo za akavalo ku Chile zaka zingapo.

Mukaona kusintha kotere, pitani naye kuchipatala ndi buku lake la zaumoyo. Mukafotokoze mwezi umene anadwala, ngati anakomoka, komanso pamene khalidwelo linayambira.