Mafani akulira ngati chigayo koma seva ikutenthabe: vuto lili pati?

Gwirani kumbuyo kwa foni mutaonera vidiyo kwa theka la ola. Mumva kuti yafunda. Si matenda ayi, ndi lamulo lomwe lija la mu physics loti mphamvu siitayika, imangosintha mtundu. Pafupifupi magetsi onse amene kompyuta imadya amasanduka kutentha. Kompyuta yodya mawati 200 ndi kachitofu ka mawati 200, basi.

Seva ndi kompyuta imene imasunga zinthu n'kumazigawira makompyuta ena. Masukulu ena akumudzi amaika mapulogalamu ngati Kolibri kapena RACHEL mu seva, kuti ophunzira aziwerenga mabuku ndi kuonera mavidiyo popanda intaneti. Seva yotere imagwira ntchito tsiku lonse, ndiye kutentha kwake kumafunika njira yotulukira nthawi zonse.

Ine ndimakonza makompyuta m'masukulu a ku Ntchisi ndi ku Dowa. Pasukulu ina m'dera la Kasakula, seva yawo anaiwonjezera mphamvu: purosesa yatsopano, ma hard disk anayi osungira mavidiyo, ndi khadi ina yolumikizira makompyuta ambiri. Chichitireni zimenezo, mafani anayamba kulira ngati chigayo kuyambira m'mawa, mabatire a sola ankatha msanga, ndipo dzuwa likafika paliwombo seva inkangozima yokha. Nthawi yake n'kuti ili yomwe a Fomu 4 amalowa mu labu kukonzekera MSCE.

Tiyambe ndi masamu

Ndisanamasule sikuluu ngakhale imodzi, ndimayamba ndawerengera. Seva ija inkadya mawati pafupifupi 120, itawonjezeredwa zida inafika pa 200. Wati imodzi ndi joule imodzi pa sekondi, choncho pa sekondi iliyonse pali ma joule 200 ofunika kutayidwa kunja.

Mwaikumbuka fomula ija ya Q = mcΔT? Kuti kilogalamu imodzi ya mpweya itenthe ndi digiri imodzi pamafunika ma joule pafupifupi 1,000. Tinene kuti tikufuna mpweya uzituluka utakwera ndi madigiri 10 okha. Gawani 200 ndi 10,000, mupeza makilogalamu 0.02 pa sekondi. M'mbali mwa nyanja yamchere, lita imodzi ya mpweya imalemera magalamu pafupifupi 1.2, ndiye pamafunika malita 17 pa sekondi. Pa mawati 120, malita 10 okha ankakwanira.

Kumapiri zimavutirako. Pamalo okwera mamita 1,500 mpweya umakhala wopepuka ndi pafupifupi 14 peresenti, ndiye fani iyenera kukankha malita pafupifupi 19 kuti igwire ntchito yomweyo. Chigubu cha malita 20 chija, chodzaza mpweya, pa sekondi iliyonse!

Amalamula fani ndani?

Fani ya seva siizungulira mwachisawawa. Pali zinthu zitatu zimene zimamverana. Masensa amayeza kutentha. Kachipangizo kotchedwa BMC, komwe a Dell amakatcha iDRAC ndipo a HP amati iLO, kamawerenga masensawo n'kuganiza chochita. Kenako fani imamvera.

Fani yamawaya anayi imalankhulana ndi BMC chonchi: mawaya awiri ndi a magetsi, lachitatu limauza BMC liwiro limene fani ikuzungulira, lachinayi limabweretsa lamulo. Lamulolo limabwera mwa njira ya PWM, kutanthauza kuyatsa ndi kuzimitsa siginolo maulendo pafupifupi 25,000 pa sekondi. Siginolo ikamakhalitsa choyaka, fani imathamanga kwambiri.

Chitsanzo chosavuta ndi Raspberry Pi 5, kakompyuta kokwana m'dzanja komwe kanatuluka mu 2023. Fani yake imayamba pang'onopang'ono purosesa ikafika madigiri 50, imawonjezera pa 60 ndi pa 67.5, ndipo pa 75 imathamanga ndi mphamvu zonse. Kutentha kukapitirira 80, purosesa imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. N'chifukwa chake kompyuta yotentha imayamba ulesi isanazime.

Zitatu zimene ndinapeza

Nditawerenga masensa a seva ija masana, purosesa inali pa madigiri 95 pomwe mafani onse anali pa liwiro lomaliza. Zodabwitsa eti? Mafani akuchita zonse zomwe angathe, koma kutentha osatsika. Apa m'pamene pali phunziro lalikulu: phokoso la fani si umboni woti kompyuta ikuzizira. Chofunika n'chakuti mpweya wozizira udutse pamene pali kutentha, kenako uchoke osabwereranso.

Choyamba chinali m'kati. Seva zambiri zimakhala ndi chivundikiro cha pulasitiki chimene chimalondolera mpweya ku heatsink, chitsulo cha timapepala tambirimbiri chokhala pamwamba pa purosesa. Poika purosesa yatsopano, chivundikirocho chinaiwalika m'katoni. Mpweya uli ngati madzi othirira kudimba: mukapanda kuwakumbira ngalande, amangotsata potsetsereka n'kusiya mbewu zikufota. Mpweya nawo unkalambalala heatsink n'kudutsa pamalo opanda chotchinga. Timipata ta heatsink tinalinso titatsekeka ndi fumbi la chilimwe.

Chachiwiri chinali kunja. Poopa akuba, seva anaikiyira m'kabati yamatabwa, m'chipinda cha malata chopanda siling'i. Mpweya wotentha wotuluka kumbuyo unkazungulira m'kabatimo n'kulowanso kutsogolo. Sensa ya pakhomo inkaonetsa madigiri 38, pomwe bungwe la mainjiniya la ASHRAE limalangiza kuti mpweya wolowa mu seva uzikhala pakati pa madigiri 18 ndi 27. Pa mawati 120 kabatiyo inkapirira. Pa 200 inasanduka uvuni.

Chachitatu chinali m'mutu mwa BMC. Khadi yatsopano ija sinkatumiza uthenga wa kutentha kwake. Seva zina zikaona chipangizo chachilendo chotere zimathamangitsa mafani kwambiri, poopa kuti mwina chikupsa mwakachetechete. Ndiye ngakhale m'mawa kukuzizira, mafani ankangolirabe. Mabatire ankathera pomwepo, chifukwa mukawirikiza kawiri liwiro la fani, magetsi amene imadya amawirikiza pafupifupi kasanu n'katatu.

Kukonza kuli ndi ndondomeko

Aphunzitsi ena anandifunsa kuti, “Achimwene, bwanji osangochepetsa mafaniwo kuti tipumeko phokosoli?” Zimatheka ndithu, koma kuyamba ndi zimenezo n'chimodzimodzi kutseka pakamwa mwana amene akulira chifukwa cha malungo. Mumayamba ndi chimene chikumuliza.

Tinazimitsa seva, n'kuzula waya kukhoma. Tinapemerera fumbi titagwira mapiko a mafani kuti asazungulire okha. Tinapukuta thermal paste yakale n'kupaka yatsopano pang'ono chabe. Phalali limadzaza timipata tosaoneka ndi maso pakati pa purosesa ndi heatsink, poti mpweya wotsekeredwa m'timipatamo sudutsitsa bwino kutentha. Tinabwezera chivundikiro chija. Kabati tinaichotsa thabwa lakumbuyo, kutsogolo n'kuikako waya wa sefa, loko osamuchotsa. Titayatsanso, purosesa inakhazikika pa madigiri a m'ma 60 masana omwe.

Pamapeto penipeni m'pamene tinalowa mu BMC kukasintha lamulo la khadi ija, ndipo tinatero titayeza kutentha kwa khadiyo kwa masiku angapo ili pa ntchito. Chinthu chimodzi pa nthawi, kuyeza, kulemba m'kope, kenako china. Mukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi simungadziwe chimene chathandiza.

Yesani nokha

Ngati kusukulu kwanu kuli labu, pemphani aphunzitsi thermometer ya ku sayansi. Yezani mpweya kutsogolo kwa kompyuta, muyezenso kumbuyo kumene umatulukira, nthawi ya 7 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana. Ng'ambani kapepala kopepuka mukaike pafupi ndi timabowo, muone kumene mpweya ukulowera ndi kumene ukutulukira. Kenako dzifunseni: kodi mpweya wotulukawu ukupita kuti? Ngati ukugunda khoma n'kubwerera kutsogolo, mwapeza vuto lisanazimitse kompyuta. Kankhani tebulo lichoke kukhoma pang'ono, muyezenso mawa, muone ngati manambala asintha.