Galimoto yakudya mafuta: kuigulitsa kapena kuisunga?

ULONGWE - M'mwezi wa Julayi chaka cha 2022, mitengo yatsopano ya mafuta itangolengezedwa, mlimi wina wa mbatata ya kachewere wa kufupi ndi Domwe, m'boma la Angonia, anaimika karinya yawo pansi pa mtengo wa pichesi ndipo inakhala pomwepo masiku atatu osalizidwa. Galimotoyo, Toyota Hilux ya bodi kumbuyo, inali isanathe chaka ndi theka pakhomopo. Penti inali yowala ndipo matayala anali omwe inabwera nawo. Koma nthawi iliyonse bambowo akaima pa bomba kuti athire gazoliyo, ankachokapo nkhope ili yakugwa.

Bambowa ndi mmodzi mwa anthu amene anathawira ku Malawi pa nthawi ya nkhondo, nabwerera kumudzi mu 1994, mgwirizano wa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 utasainidwa ku Roma. Anabwera ndi njinga yakapalasa ndi makasu awiri. Njinga inabala ngolo, ngolo inabala dimba lalikulu, ndipo mbatata ndi fodya wa zaka zoposa 25 ndi zimene zinagula karinyayo. Ndiye kuti pakhomopo galimotoyo ndi nkhokwe ya banja lonse. Fizi ya mwana wawo wamkazi amene amaphunzira mumzinda wa Tete imachokera m'bodi momwemo.

Chifukwa chake mafuta anakwera

Dziko la Mozambique limagula gazolina ndi gazoliyo kunja, ndipo limalipira ndi madola. Mafutawo amafika pa sitima zapamadzi, ndipo a chigawo cha Tete ambiri amatsikira pa doko la Beira nkuyenda pa magalimoto a matanki makilomita pafupifupi 600. Ichi ndicho chifukwa chake lita imakhala yodulirapo kuno kusiyana ndi m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja. Mitengo imaikidwa ndi bungwe la boma loona za mphamvu, la ARENE.

Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, mafuta anakwera padziko lonse. Pofika Julayi chaka chomwecho, ku Maputo lita ya gazolina inafika pa mametikali pafupifupi 87 ndipo ya gazoliyo pafupifupi 88. Kutsidya kwa malire zinthu zinavutirapo, pakuti ku Malawi mafuta anasowa kumene m'miyezi yomaliza ya chakacho, ndipo anthu a m'malire anaona zigubu zikuoloka pa njinga usiku ndi usana.

Mwana wawo wamwamuna, amene amayendetsa karinyayo, ndiye anabwera ndi nkhani kuchokera ku Tete. Munthu wina wogulitsa magalimoto ogwirapo ntchito ochokera ku Japan anali atamuonetsa Toyota Probox yoyera, galimoto yaing'ono yomwa gazolina pang'ono, nanena kuti angathe kusinthana. Atenga karinya, apereka Probox, nkuonjezerapo ndalama m'manja.

"Ababa, galimoto ija imangonunkhiza mafuta, siikumwa ayi," anatero mnyamatayo. "Ino ikutimaliza."

Kabuku ka amayi

Nkhaniyi inakambidwa usiku wa Loweruka, pali bambo, mayi, mnyamata uja ndi mlamu wawo wa bambo amene ndi mphunzitsi wa masamu pa sukulu ina ya m'deralo. Mayi a pakhomopo ndiwo amasunga kabuku ka ndalama, ndipo chiyambire kubwera kwa galimotoyo ankalembamo lita iliyonse ndi ulendo uliwonse. Manambala ali m'munsiwa ndi ochokera m'kawerengedwe ka banjalo, atawafupikitsa kuti asavute. Galimoto ina ndi msewu wina zipereka manambala ena, koma kawerengedwe kake ndi komweko.

Bambo anayamba ndi kudandaula kuti karinyayo anaigula mametikali 1,100,000, pamene wa ku Tete uja ankaiwerengera 750,000 basi. Kwa iwo kumeneko kunali kutaya 350,000. Mphunzitsi anawaongola. Anati galimoto imatsika mtengo tsiku lomwe yatuluka pamalo ogulitsira, ndipo imatsika msanga m'zaka zoyambirira. Akanaigulitsa okha mosathamanga, karinyayo ikanapita pa 900,000. Ndalama 200,000 zapakatizo zinapita kale, kaya aigulitse kaya aisunge, pakuti madzi akatayika saoleka. Zofunika kuwerenga ndi zimene zingatayike chifukwa cha kusinthanako.

Zimenezo zinali 150,000 zimene wogulitsa ankadula kuti naye apezepo phindu, kuphatikizapo ndalama zosinthira dzina pa mapepala a umwini, seguro yatsopano, matayala awiri ndi kusintha oyilo, poti galimoto yaing'onoyo inali itayenda kale zaka zambiri ku Japan. Zonse pamodzi zinafika 180,000.

Kenaka anatembenukira ku phindu. Kabuku kanaonetsa kuti karinya imayenda makilomita 12,000 pa chaka ndipo imamwa malita 10 pa makilomita 100 alionse. Pa chaka ndi malita 1,200. Galimoto yaing'ono, yomwa malita 6 pa mtunda womwewo, ingamwe malita 720. Kusiyana kwake ndi malita 480. Atawerengera lita pa mametikali 90, anapeza kuti angapulumutse 43,200 pa chaka.

Mphunzitsi anagawa 180,000 ndi 43,200, ndipo yankho linali zaka zinayi ndi miyezi iwiri. Kwa nthawi yonseyo banjalo likanakhala likubweza zimene linataya posinthana, lisanaone ngakhale metikali imodzi ya phindu. Mnyamata uja anakhala chete.

Lita pa thumba

Koma funso limene linathetsa mkangano linachokera kwa mayi.

"Bambo a ana, nanga mbatata tidzanyamulira pati?"

Karinya imanyamula pafupifupi tani imodzi, ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50. Probox inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 400, ndiwo matumba 8. Kuchoka ku Ulongwe, kudzera pa Musakama ndi Moatize mpaka kuoloka Zambezi kulowa mumzinda wa Tete, ndi makilomita pafupifupi 230. Kupita ndi kubwera ndi 460. Karinya imamwa malita 46 pa ulendowo nkutula matumba 20. Galimoto yaing'ono ingamwe malita 28, koma kuti itule matumba 20 omwewo iyenera kupita katatu, ndipo amenewo ndi malita 84, osawerengera masiku atatu a munthu ndi kutha kwa matayala.

Apa ndi pamene alimi ambiri a m'maboma a m'malire amanamizika. Galimoto yonyamula katundu siiyesedwa ndi malita amene yamwa pa kilomita ayi, koma ndi malita amene yamwa pa thumba. Ndipo wofuna kukakamiza, napachika matumba 15 m'galimoto ya matumba 8, amapulumutsa pa bomba nkukalipira kwa mekaniko, poti masipuling'i, mabuleki ndi matayala sizichedwa kudandaula.

Palinso nkhani ya msewu. Wa Ulongwe kupita ku Tete ndi wa phula, koma mbatata siilimidwa pa phula. Njira za kumadimba a Domwe ndi Tsangano ndi za dothi, ndipo kuyambira Disembala mpaka Malichi zimakhala matope ndi migula. Galimoto yaing'ono ndi yaifupi pansi. Ikagunda mwala ndi mimba, nkuboola posungira oyilo, phindu la chaka chonse lingathere pamalo amodzi.

Amene kusintha kumawapindulira

Izi sizikutanthauza kuti mnyamata uja ankalankhula zachibwana. Alipo anthu amene kusintha galimoto kumawathandiza, ndipo kawerengedwe komweka kamaonetsa zimenezo. Munthu wonyamula anthu pa phula tsiku ndi tsiku, pakati pa Kalomwe, Ulongwe ndi Tete, angathe kuyenda makilomita 40,000 pa chaka. Kwa iye kusiyana kwa malita 4 pa makilomita 100 ndi malita 1,600 pa chaka, ndiwo mametikali 144,000. Zija 180,000 zingabwerere m'miyezi 15 yokha, ndipo zotsatira zonse ndi zake. Woyenda kwambiri, pa msewu wabwino, ndi katundu wopepuka, asinthe. Woyenda pang'ono ayambe wawerenga.

Ena amafunsa za magalimoto oyendera gazolina ndi batire pamodzi, amene ogulitsa amawatchula kuti hybrid. Magalimotowa si achilendo kwenikweni, pakuti Toyota Prius inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1997. Nzeru yake ndi yakuti woyendetsa akaponda mabuleki, mphamvu imene ikanatayika imalowa m'batire, ndipo batireyo imathandiza injini ponyamuka. Motero amapulumutsa kwambiri mumzinda, mmene galimoto imaima ndi kunyamuka kawirikawiri. Pa ulendo wautali wosaima phindu lake limachepa. Batire yake yaikulu imakalamba ndi zaka, ndi yodula kuisintha, ndipo kuiyeza kumafuna mekaniko wokhala ndi makina ake. Wogula yakale ayenera kufunsa za batireyo asanafunse za penti, ndiponso adziwe kumene angakaikonzetse ikavuta.

Zimene banjalo linachita

Mayi atayang'ananso m'kabuku anapeza chinthu chimene palibe anali atachiganizira. Theka la makilomita onse a pa chaka, 6,000, karinya inkayenda yopanda katundu: kupita ku banki ku Ulongwe, kukagula mankhwala a mbewu, ku tchalitchi, kukaona abale, nthawi zina mnyamata yekha kukacheza. Galimoto ya tani imodzi inkanyamula munthu mmodzi ndi botolo la mankhwala.

Pa maulendo amenewo karinya imamwa malita 600. Njinga yamoto, yomwa malita osapitirira 3 pa makilomita 100, ingamwe 180. Kusiyana kwake ndi malita 420, ndiwo mametikali 37,800 pa chaka, pafupifupi zomwezo zimene Probox ikanapulumutsa. Njinga imene anaiona inali ya 65,000, ndalama zobwerera zisanathe zaka ziwiri. Anagula njingayo, ndi zipewa ziwiri zoteteza mutu, ndipo karinya inatsala pakhomo.

Anagwirizananso malamulo atatu. Loyamba, karinya isapite ku Tete isanadzaze. Matumba a pakhomo akachepa, anansi aikemo awo nalipira pa thumba. Lachiwiri, isabwerere yopanda kanthu: feteleza, mchere, simenti, kapena nsomba za chikowa ndi kapenta za ku Cahora Bassa, zimene zimayenda malonda kumapiri kuno, zilipire mafuta a pobwerera. Lachitatu, mafuta azithiridwa pa bomba, osati a m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, amene nthawi zina amakhala osakaniza ndi parafini kapena madzi ndipo amaononga pampu ya injini ya gazoliyo.

Mekaniko wa ku Ulongwe amene amaona galimotoyo anaonjezera malangizo osafuna ndalama zambiri. Matayala azikhala ndi mpweya wokwanira, poti tayala lofewa limakoka galimoto m'mbuyo. Sefa ya mpweya iziyeretsedwa kawirikawiri m'miyezi ya fumbi. Injini isamalire galimoto itaima pa msika. Ndipo phazi likhale lopepuka: galimoto yothamanga makilomita 120 pa ola imamwa kwambiri kuposa yoyenda 80, chifukwa mphepo imene ikulimbana nayo imakula msanga liwiro likamakwera.

Mmene munthu angayesere yake

Aliyense amene ali ndi funso lotere angathe kuyesa yekha, osadalira mawu a wogulitsa. Adzaze thanki mpaka pakamwa, alembe nambala ya makilomita imene ikuoneka kutsogolo kwa chiongolero, ayende monga mwa masiku onse, kenaka adzazenso. Malita amene alowa kachiwiriko awachulukitse ndi 100, nkugawa ndi makilomita amene wayenda. Akatero kawiri kapena katatu, adziwa kamwedwe kenikeni ka galimoto yake, pa msewu wake, ndi katundu wake.

Akatha apo afunse mafunso anayi. Ndimayenda makilomita angati pa chaka? Ndingapulumutse malita angati? Kusinthana kundidyera zingati, kuphatikizapo mapepala ndi zokonza? Nanga galimoto yatsopanoyo igwira ntchito yonse imene yakale imagwira? Ndipo asanapereke makiyi kwa munthu, aone livrete ndi chikalata cha umwini, ayerekeze nambala ya injini ndi ya chasisi ndi zimene zalembedwa, pakuti m'malire muno magalimoto a mapepala okayikitsa sasowa, ndipo yotchipa ingathere m'manja mwa apolisi kapena a alfandega.

Mitengo ya mafuta yakhala ikusintha kuchokera mu 2022, ndipo idzasinthabe. Ikakwera, zaka zobweza ndalama zimachepa, ikatsika zimachuluka, choncho masamu a chaka chatha sayenera kugwiritsidwa ntchito chaka chino osawaonanso. Ku Domwe kuja, mphunzitsi anawauza kuti tsiku limene karinya idzayambe kudya ndalama za zokonza kuposa za mafuta, adzakhalenso pansi nkuwerenga mwatsopano. Kufikira tsikulo, kabuku ka mayi kanasamukira m'galimoto momwemo, pamodzi ndi pensulo yomangirira ku ulusi, ndipo mnyamata saloledwa kuchoka pa bomba asanalembe.