Kagalu Kaphunzitseni Kakadali Kakang'ono

Kuno kwa Mlolo, m'boma la Chadiza, galu ndi mlonda wa pakhomo ndi kudimba, n'chifukwa chake ndimalimbikitsa kumuphunzitsa ukhondo akadali mwana. Kagalu ka miyezi iwiri sikatha kusunga mkodzo nthawi yaitali. Kakangodzuka kapena kudya, kaperekezeni pamalo amodzimodzi kuseri kwa nyumba, kutali ndi chitsime komanso posewerera ana. Fungo la pamalopo limakakumbutsa. Kakachita bwino, kayamikireni pompo ndi kambamu ka nsima. Kakaipitsa pakhonde musakamenye, chifukwa kamangophunzira kukuopani. Tsukanipo bwino, ndipo chimbudzi chakecho chikwirireni, poti mumakhala mazira a njoka zam'mimba. Kakakwanitsa miyezi itatu, kabayitseni katemera wa chiwewe. Kuwongola mtengo mpoyamba.