"Yes" Wotanthauza Kukana: Chingerezi cha pa Kayelekera

Ndinakulira kufupi ndi Kayelekera, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuzambwe kwa tawuni ya Karonga. Kampani ya Paladin ya ku Australia itatsegula mgodi wa yureniyamu m'chaka cha 2009, Chingerezi chinatuluka m'kalasi n'kuyamba kumveka pamsika ndi m'magolosale. Mgodiwo unaima mu 2014, kenaka unayambanso mu 2025 uli m'manja mwa Lotus Resources. M'nkhani ino ndionetsa kuti Chingerezi chomwe ndinkamva kumeneko chili ndi malamulo ake, ndipo ambiri ndi ochokera m'ziyankhulo zathu.

Ndiyamba ndi zomwe zinawaonekera amalume anga, omwe ankayendetsa galimoto yahayala. Tsiku lina ananyamula mlendo wachizungu, ndipo atatsika pamsika mlendoyo, makiyi ali m'manja mwake, anafunsa kuti, "You didn't lock the car?" Amalume anayankha kuti, "Yes." Iwo ankatanthauza kuti sanakiye, ndipo anayesa kuti mwini makiyi abwerera. Mlendoyo anamva kuti akiya. Pobwera anapeza chikwama kulibe, amalume n'kutchedwa abodza, ganyu n'kuthera pomwepo.

Komatu amalume sananame. M'Chichewa munthu akafunsa kuti, "Simunakiye?" timayankha kuti, "Eya, sindinakiye." Mtumbuka naye amati "enya". "Eya" wathu amavomereza ganizo la wofunsayo. M'Chingerezi cha ku Australia kapena ku Britain, "yes" ndi "no" amatsata mneni wa m'yankho: ngati mneniyo ndi wokana, yankho ndi "No, I didn't." Choncho amalume anaika liwu la Chingerezi pa lamulo la Chibantu. Sitili tokha, pakuti anthu a ku Japan nawo amayankha funso lokana monga momwe timachitira ife.

Zitsanzo zina n'zosapweteka chotere. Mu chiganizo chakuti "My brother he is working at the mine", mlowam'malo "he" amaoneka wosafunika, koma akugwira ntchito ya mgwirizanitsi "a-" wa mu "akugwira". Mneni wathu sayenda wopanda chizindikiro cha mwininkhani, ngakhale dzina litatchulidwa kale. "Borrow me a pen" ndi "ndibwereke cholembera". Nayenso "I am coming" wonenedwa ndi munthu amene akuchoka ndi "ndikubwera" wathu uja, yemwe amalonjeza kubwerera osatchula nthawi.

Aphunzitsi athu ankazilemba zonsezi ndi inki yofiira, ndipo sindikuwadzudzula, popeza mayeso a MSCE amafuna Chingerezi cha m'mabuku. Chomwe ndikutsutsa ndi kunena kuti oyankhula chonchi ndi mbuli. Cholakwa cha umbuli chimasinthasintha. Izi zimabwera mofanana nthawi zonse, kwa mlonda ngakhalenso kwa anzanga a pa yunivesite, moti munthu ukhoza kuneneratu pomwe zitulukire. Ndiponso anthu a ku Australia omwewo ali ndi "yeah, nah" wawo wotanthauza kukana, ndipo ameneyu sindinamupeze m'buku lililonse lomwe tinkaphunzira.

Patchuthi chapitachi ndinawafotokozera amalume lamuloli, n'kuwalangiza kuti funso lokana aziliyankha ndi chiganizo chathunthu. Anamvetsa. Madzulo ake ndinawayesa: "You haven't eaten?" Anaganiza pang'ono, n'kuyankha kuti, "Yes, I haven't."